Miyala ya Makolo Ndiyo Mboni Zathu

Wolemba Mtolankhani Wathu

Aliyense amene anakwerapo basi pa Intercity mu Lusaka adziwa kuti pamalo paja sipagonedwa. Tambala asanalire, anyamata oitanira amakhala atayamba kale kufuula maina a mizinda: Chipata, Lundazi, Kasama, Mongu, Livingstone, Harare, Lilongwe. Ena acokera ku Kabwata ndi ku Chelstone atanyamula shuga ndi sopo wopita naye kumudzi, ena angotsika kumene ndi matumba a nshawa ndi nyemba. Onsewa ulendo amauwerengera pa zinthu ziwiri cabe, mtengo wa tikiti ndi nthawi yofika. Zonse zimene zili pakati pa Lusaka ndi kwao amaziyesa mtunda wopanda kanthu, woyenera kuudutsa ali m'tulo.

Nchito yotola nkhani yandikweza mabasi amenewa kawirikawiri, ndipo ndinazolowera kuti nchito ikatha ndizipatula tsiku limodzi lokaona miyala yakale ya m'dera limene ndafikamo. Anzanga amaseka, nafunsa ngati mwala ndi cinthu coti munthu wamkulu n'kutayirapo ndalama ndi nsapato. Yankho langa ndimalitenga ku bwalo la milandu la kumudzi. Anthu awiri akamalimbirana munda, amfumu samvera amene ali ndi mau okweza. Amafunsa kuti manda a makolo ako ali kuti, mango awa anabzala ndani, mwala wa malire uli pati. Munthu wopanda mboni mlandu umamugwera ngakhale munda uli wakedi. Mtundu wa anthu nawonso uli ndi mlandu wotere, pakuti alipo amene ananena, nalemba m'mabuku, kuti ife tinalibe mbiri Azungu asanafike. Pa mlandu umenewu mboni zathu zazikulu ndi miyala.

Miyala yoimika ya maiko ena

M'maiko ena anthu akale anasema miyala ikuluikulu, naikoka mtunda wautali, naiimika ciriri. Ku England kuli malo ochedwa Stonehenge, amene anayamba kumangidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Mwala umodzi waukulu wa kumeneko umalemera pafupifupi matani 25, ndipo ina yocepererapo inacokera ku mapiri a ku Wales, mtunda woposa makilomita 200, pa nthawi imene kunalibe lole kapena njanji. Anthu oposa miliyoni imodzi amapita caka ndi caka kukaiona, ndipo amalipira pakhomo. Mu Africa momwe muno ziliponso. Ku Senegal ndi ku Gambia kuli mabwalo a miyala yoimika oposa 1,000, ambiri a iwo ali pa manda. Ku Ethiopia, pa malo ochedwa Tiya, pali miyala 36, ndipo yambiri inasemedwa zithunzi za malupanga.

Kuno kwathu makolo anacita mwa njira ina. Namalenga anali ataimika kale miyala m'dziko lino, makamaka ku cigawo ca Kum'mawa kumene mapiri a matanthwe ali ngundangunda ngati nkhokwe za m'mudzi wa alimi. Anthu akale anaipeza miyalayo ili ciimire, nakhala pansi pake, nasonkha moto, naika akufa ao pomwepo, najambula pa makoma ake. Motero mboni zathu zambiri sizioneka uli pa zenera la basi. Zimafuna kuti munthu atsike, afunse njira, akwere phiri.

Ngakhale mzinda wa Lusaka uli nazo. Msewu wa Leopards Hill, umene umatuluka mu mzinda ca ku Woodlands ndi Kabulonga, ambiri a ife timaudziwa cifukwa ca manda. Koma dzina lake linacokera ku phiri limene lili kutsogolo kwambiri, ndipo m'phanga la phirilo akatswiri ofukula zakale anapeza zida za miyala za anthu amene anakhalamo zaka zoposa 20,000 zapitazo. Ca kumwera cakumadzulo kwa mzinda kuli kaphiri kochedwa Twin Rivers, kumene J. Desmond Clark anafukula m'zaka za m'ma 1950, ndipo Lawrence Barham anabwererako mu 1999. Kumeneko anapeza tizidutswa mazanamazana ta miyala ya utoto wofiira, wacikasu ndi wa mitundu ina, imene anthu anaitola kwina, naipera, zaka zoposa 200,000 zapitazo. Utoto sudyedwa ndipo supha nyama. Munthu amene amayenda mtunda kukafuna utoto ndi munthu woganiza, wokonda kukongola, wofuna kunena kanthu kwa anzake.

Pa msewu wa Kum'mawa

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570. Basi imadutsa Chongwe, imatsika mapiri kufika pa mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, kenaka Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete. Munthu akadutsa Sinda, mapiri a matanthwe amayamba kuculuka uku ndi uku, ndipo pansi pa ambiri a iwo pali mapanga.

Caka cina, nditatsiriza nchito yolemba za msika wa cimanga m'boma la Katete, ndinapita kwa anyakwawa a mudzi wina kukapempha cilolezo cokwera phiri lao. Anandilandira bwino, nandipatsa nkhalamba ina ya m'mudzimo pamodzi ndi mdzukulu wake wa zaka ngati khumi kuti andiperekeze. Tinayenda pafupifupi ola limodzi, kudutsa m'minda ya thonje ndi m'thengo, kufikira tinafika pa thanthwe lalikulu lopendekeka ngati khonde la nyumba. Pansi pake panali pozizira, ndipo anthu makumi awiri akanatha kubisalapo mvula osanyowa.

Poyamba sindinaone kanthu koma mwala. Agogo aja anandiuza kuti, "Khalani pansi, mwana wanga, maso ayambe azolowera." Nditakhala kanthawi, zinthu zinayamba kutuluka pa khoma cimodzicimodzi. Panali mizere yofiira yoyandikana ngati ya m'munda, timabwalo tina m'kati mwa tinzake, ndi zina zonga makwerero. Pamwamba pa zofiirazo, ndi pambali pake, panali zithunzi zoyera zopakidwa ndi cala, zokhuthala, zina zotambasula miyendo ngati cikopa ca nyama cokhomedwa pansi kuti ciume.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi anajambula izi ndani?"

Iwo anati zofiirazo makolo athu anazipeza, ndipo eni ake ndi Akafula, anthu aafupi amene sanali kulima, koma anali kukhala ndi uta, uci ndi zipatso za m'thengo. Anandikumbutsa nkhani imene ambiri a inu munaimva kwa agogo anu madzulo pamoto, yakuti Kafula akakumana nawe anali kufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru anali kuyankha kuti wamuonera patali, cifukwa kunena kuti wamuonera pafupi kunali kumunyoza kuti ndi wamfupi, ndipo mubvi sunali kucedwa. Ndico cifukwa ena amawachula Amwandionerapati, ndipo ena amati Abatwa.

Za zoyerazo agogo anangoti, "Izo ndi zathu, koma zina ndi za amai. Ife amuna sitifunsa." Akatswiri amene afufuza zithunzi zotere mu Zambia, m'Malawi ndi mu Mozambique amanena zofanana ndi zimene nkhalambayo inanena. Zofiira ndi za alenje akale, ndipo zoyera ndi za alimi, makolo a Acewa. Zina mwa zoyerazo anamkungwi anali kuphunzitsira atsikana pa cinamwali, ndipo zina ndi za Gule Wamkulu. Sindilemba zoposa apa, pakuti za kutsimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo nyuzipepala imawerengedwa ndi ana omwe. Cimene ndifuna kuti tione ndi cakuti khoma limodzi lomwelo lasunga manja a mitundu iwiri ya anthu, wina pamwamba pa mnzake, monga momwe buku limasungira tsamba pamwamba pa tsamba.

Koma panalinso dzanja lacitatu. Ca kumanzere kwa khomalo wina analembapo dzina lake ndi khala, zilembo zazikulu zodutsa pakati peni peni pa cithunzi coyera. Pansi pake panali phulusa, ndipo mwaye unali utadetsa mwala kufika pamene munthu angafike ndi dzanja. Mdzukulu uja anati abusa a ng'ombe ndiwo amasonkha moto pamenepo mvula ikawapeza, naochapo cimanga ndi mbewa. Agogo anayang'ana mwayewo nthawi yaitali, nati, "Pamene ndinali msinkhu wa uyu, zithunzi zinafika mpaka apo. Tsopano zapita ndi utsi." Sanakalipe, ndipo sanachule dzina la mwana wa munthu ali yense. Koma ine ndinaona kuti mboni imene inapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yosawerengeka ingathe kufa m'dzinja limodzi cifukwa ca moto woochera mbewa.

Phanga limenelo ndi laling'ono, ndipo lilibe dzina m'mabuku. Alipo ena ochuka amene boma linawaika pa mndandanda wa malo otetezedwa: Makwe m'boma la Katete, Thandwe ndi Katolola ca ku Chipata, Mkoma, ndi Kalemba m'boma la Chadiza. David Phillipson, amene anali kugwira nchito m'bungwe la boma losunga malo akale, anafukula pa Makwe, pa Thandwe ndi pa Kalemba pakati pa 1966 ndi 1971, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1976. Pa Makwe anapeza zida za miyala za zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Pa Kalemba anakumba mozama kwambiri, napeza kuti anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 35,000 zapitazo.

Nambala yotere ndi yobvuta kuigwira m'mutu, conco tiyeni tiiyeze ndi zimene tidziwa. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo ife timati ndi kale kwambiri, komabe sipanathe zaka 200. Tikati mbadwo umodzi ndi zaka 25, kucokera pa kuolokako papita mibadwo yosakwana 8. Kucokera pa moto woyamba wa pa Kalemba papita mibadwo 1,400. Anthu onsewo anabadwa, anayamwa, anakwatira, analira maliro m'dziko lomwe lino limene ife tikulimamo fodya ndi nshawa lero.

Malire a maiko amene tili nawo ndi a dzulodzulo, ndipo miyala siyiwadziwa. Wokwera basi ya ku Lilongwe akadutsa pa Mwami ndi Mchinji, napitirira kufika ku Dedza, adzapeza mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zithunzi zofiira ndi zoyera zonga zathu zomwezi. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. M'mapiri a Dzalanyama muli Kaphirintiwa, pamene Acewa amati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi nyama, thanthwe likali lofewa, nasiya mapazi ao pamwala. Zimenezi zitionetsa kuti makolo athu anadziwa kale kuti nkhani yofunika kuisunga amaisungitsa kwa mwala.

Pa msewu wa kumwera

Kuti timvetse cifukwa cake mboni zimenezi ziyenera kusungidwa, tibwerere ku Lusaka ndi kukwera basi ina, ya ku Harare. Isanafike pa Chirundu, basi imadutsa pafupi ndi malo amene mitengo inasanduka miyala. Zipika zake zili gonegone m'thengo, ndipo akatswiri amati mitengoyo inamera zaka pafupifupi mamiliyoni 150 zapitazo. Nditanyamula kacidutswa kamodzi ndinaona mizere ya mtengo bwino lomwe, koma kulemera kwake kunali kwa mwala. Ndinakabwezera pamene ndinakatola.

Ca kufupi ndi kumeneko, pa njira ya ku Siavonga, pali Ing'ombe Ilede, dzina la Citonga lotanthauza ng'ombe yogona, cifukwa ca mlambe wakugwa umene unaoneka motero. Mu 1960 anchito a boma pokumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda a anthu olemera, oikidwa ndi mikanda ya golide, mkuwa woumbidwa mopingasa, ndi mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja ya mcere. Anthu amenewa anali kucita malonda akutali m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, David Livingstone asanabadwe ndi zaka mazana.

Munthu akafika ku Harare nakwera basi ina ya ku Masvingo, amafika pa Great Zimbabwe. Kumeneko ndiko ndinaona ndi maso anga miyala yoimikidwa ndi manja a anthu akuda. Mzindawo unamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400 ndi makolo a Ashona. Linga lake lalikulu limafika mamita 11 kutalika kwake, ndipo kulizungulira ndi mamita pafupifupi 250. Lonselo ndi miyala yosanjikizana popanda simenti kapena dothi lomatira. Pamwamba pa makoma ena pali miyala yaitali yoimika, ndipo m'mabwinjamo munapezeka mbalame zisanu ndi zitatu zosemedwa pa mwala. Ndinayenda m'kanjira kopapatiza ka pakati pa makoma awiri, mapewa anga atatsala pang'ono kukhudza uku ndi uku, ndipo ndinaganiza za amisiri amene anasankha mwala uli wonse ndi kuuika pamalo pake.

Atsamunda atafika anakana kuti munthu wakuda angamange zotere. Anati anamanga ndi alendo ocokera kutali, ena mpaka anachula mfumukazi ya ku Seba ya m'Baibulo. Bodzali linali ndi nchito yake, pakuti munthu amene wamulanda munda umafuna kuti anthu akhulupirire kuti sanalimepo. Koma David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula pamalopo, naona mbiya ndi zida zimene zinali pansi pa makoma, nanena poyera kuti omanga anali anthu a mu Africa. Boma la Rhodesia linapitirizabe kubisa coonadi cimeneci, kotero kuti katswiri wina, Peter Garlake, anacoka m'dzikomo mu 1970 cifukwa cokana kunena bodza. Mlanduwo unatha bwanji? Dziko litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina la mabwinja aja, ndipo mbalame ya mwala ili pa mbendera yao. Akanakhala kuti makomawo anagumulidwa kale n'kumangira makola a ng'ombe, bodza likanapambana.

Ifenso tidziwa kuwawa kwa kutaya mboni. Cigaza ca munthu wakale cimene anchito a mu mgodi anapeza ku Kabwe mu 1921 cinatengedwa kupita ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti cibwezedwe. Cinthu cikacoka pamalo pake, kucibweza ndi nchito ya mibadwo.

Udindo uli kwa eni mudzi

Lamulo la mu 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limaletsa kufukula, kucotsa kapena kuononga malo ndi zinthu zakale popanda cilolezo, ndipo limalamula kuti wopeza zotere adziwitse bungwelo. Lamulolo ndi labwino, koma boma silingaike mlonda pa phanga liri lonse. Mlonda weniweni ndi inu amene munda wanu uli m'tsinde mwa phiri, amene ana anu amadyetsa ng'ombe kumeneko.

Adani a miyala imeneyi ndi odziwika. Woyamba ndi moto, wa abusa ndi wa osaka mbewa, pakuti utsi umakwirira utoto ndipo kutentha kumasendula khungu la thanthwe. Waciwiri ndi khala, coko ndi penti za olemba maina. Wacitatu ndi okumba usiku amene ananamizidwa kuti pansi pa zithunzi pali golide kapena ndalama za Azungu akale. Iwowa sapeza kanthu, koma amasokoneza dothi limene akatswiri amaliwerenga kuyambira pamwamba kupita pansi, ndipo dothi likasokonezeka silingawerengedwenso. Wacinayi ndi nyundo. Tonse taona amai akuphwanya miyala m'mbali mwa misewu ya Lusaka kuti ana adye ndi kupita ku sukulu, ndipo palibe angawanyoze pa nchito yolemetsa imeneyi. Koma matanthwe opanda zithunzi ndi oculuka m'dziko lino. Amfumu ndi anyakwawa angathe kuonetsa anthu poyenera kuphwanya, ndi kupatula pamene pali manja a makolo.

Kwa inu apaulendo, mau anga ndi awa. Caka ciri conse anthu zikwizikwi amapita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala mu February, ndi ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba mu August. Onjezerani tsiku limodzi pa ulendo wotere, mutenge ana, mukaone phanga limene lili pafupi. Yambani mwafika kwa eni mudzi, pakuti safunsa anadya phula, ndipo malo ena ali ndi miyambo yake imene mlendo ayenera kuilemekeza. Mukafika musakhudze zithunzi ndi manja, musazithire madzi kuti zioneke bwino, ndipo musatole phale, mkanda kapena kamwala kosongoka kupita nako kunyumba. Amene wakuperekezani mupatseni kangacepe, kuti anthu a m'mudzi aone kuti phiri lao lili ndi phindu likakhala losaonongeka. Aphunzitsi nawonso angathe kutenga ana a sukulu kukaphunzira mbiri pansi pa thanthwe, pamodzi ndi nkhalamba yodziwa nkhani zake, nkhalambazo zikali ndi moyo.

Mapanga ambiri a m'midzi yathu sanalembedwe pali ponse. Ngati pafupi ndi kwanu pali mwala wa zithunzi, mapazi a pa thanthwe, ng'anjo yakale yosungunulira citsulo kapena mulu wa miyala umene akulu amaulemekeza, dziwitsani amfumu ndi a ku ofesi ya boma, ndipo ifenso tilembereni kalata. Muchule dzina la mudzi, la mfumu ndi la phiri, ndi zimene akulu amanena za malowo, kuti tidzafike ndi kuzilemba m'nyuzipepala ino.